Chimakina cha ku Joni ndi Mawaya Awiri

Anthu akabwera pa shedi yanga kuno ku Nchema kudzawotcheretsa wilibala kapena kaliyala wa njinga, maso awo amayamba afunafuna makina. Amasuzumira pansi pa tebulo, amayang'ana kuseri kwa zitsulo, kenako amafunsa kuti, "Nanga makinawo ali kuti?" Ndikawalozera kabokosi kofiira kopachikidwa pamsomali, koti ngakhale mayi wobereka mwana akhoza kukanyamula ndi dzanja limodzi, ena amaseka. Sindikwiya nawo. Inenso ndinakasekapo kabokosi kotere, ndipo kuseka kwangako kunatsala pang'ono kundiwotchera nyumba ndi kundibweza ku Joni, kumene ndinali nditalumbira kuti sindidzapondakonso.

Ndinachoka mwana wanga Selina ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ndinali mkamwini pamudzi pa akazi anga, ndipo kamunda kamene apongozi anatidulira kanali koti ukaima pakati n'kuponya khasu, limakagwera m'munda mwa eni. Chimanga chinkatha mvula isanagwe, kenako moyo n'kukhala wa makaka ndi nandolo. Tsiku lonyamuka amake Selina ndi mwanayo anandiperekeza mpaka pa siteji ya Namadzi. Selina anagwira thalauza langa osafuna kusiya, mpaka amake anachita kumutanyula zala chimodzichimodzi. Ndinawauza kuti ndikakhala zaka ziwiri zokha. Bodza limenelo ndinalinena ndi mtima woona.

Ine ndinakulira pa koloboyi. Magetsi ndinkawaona ku chipatala cha ku Nguludi ndi m'masitolo a pa Namadzi, babu mmodzi wolendewera pa waya. Ndiye basi italowa m'dziko la eni, ndinangoti kukamwa yasa. Nsanja zachitsulo zazitali kuposa mibawa zinali ndondondo m'chigwa, zitasenza mawaya okhuthala mpaka kumene maso amalekera. Ndinafunsa munthu amene ndinakhala naye pampando kuti moto wonsewo ukupita kuti. Iye anandiyang'ana kuyambira kumapazi n'kunena kuti, "Achimwene, mukadazolowera kutseka pakamwa. Kuno wodabwa amamubera."

Nditasesa m'mabwalo a anthu ndi kutsuka magalimoto kwa kanthawi, Fakisoni, mnzanga wa ku Thyolo amene tinkagona naye chipinda chimodzi, anandilowetsa pa yadi imene ankagwirapo ntchito. Ankapanga mathanki ndi ngolo za magalimoto akuluakulu. Ntchito yanga inali kusesa ndi kunyamula zitsulo. Tsiku loyambalo ndinaona munthu atavala chigoba kumaso, atagwada mkati mwa thanki. Anangogunda kamodzi ndi kamtengo kachitsulo kamene amati rodi, ndipo panabadwa kadzuwa ka buluu, kowala kuposa dzuwa lenilenilo. Zitsulo ziwiri zinasungunuka ngati phula n'kukhala chimodzi. Ndinaiwala tsache. Ndinaima pamenepo ndikuyang'ana ndi maso anga osaphimba, mtima ukugunda ngati ndalowa m'tchalitchi nthawi yokweza Ukalistia.

M'mawa mwake ndinadzuka ngati wina wandithira mchenga wotentha m'maso. Fakisoni anachita kundigwira dzanja mpaka kuntchito, poopa kuti ndikajomba andichotsa. Munthu wa chigoba uja atandiona anaseka, n'kundikhazika pa chigubu. Anadula mbatata ya kachewere tizidutswa topyapyala n'kundiika pazikope. Anali mkulu wa imvi, dzina lake a Domingo, wa ku Mozambiki kuseri kwa phiri la Mulanje.

"Kwanu n'kuti, iwe woyang'ana dzuwa?" anandifunsa m'Chinyanja chopindika.

"Ku Chiradzulu."

"Mosheliwa?"

Moni ameneyo ndinamumva komaliza kwa agogo anga ndili mwana, ndipo kayankhidwe kake ndinali nditaiwala. A Domingo anapukusa mutu. "Makolo ako anachoka kwathu wapansi, mitolo ili pamutu. Iwe wataya chilankhulo, koma mphuno yakoyi ndi yathu. Kuyambira lero ukhala pambali panga, koma uzivala chigoba."

Mkulu ameneyu ankawotcherera ndi makutu. Ankati moto ukakhala bwino umalira ngati mandasi m'mafuta, ukachuluka umalavula, ukachepa rodi imakakamira. Ndinamuonapo akuwotcherera chagada pansi pa thanki, moto ukumugwera pachifuwa, dzanja osanjenjemera ngakhale pang'ono. Atagogoda makoko okuta pamene wawotchererapo, msoko unatuluka wosalala ngati tsitsi loluka la mkwatibwi. Azungu oyeza ntchito ankabwera ndi zida zawo, n'kuchoka osapeza pogwira. Mpaka lero sindinaone dzanja lina lotero, ndipo ndikamukumbukira ndimachita mantha okoma.

Anali ndi chizolowezi chimodzi chimene tinkamuseka nacho. Makina alionse achilendo akabwera pa yadi, ife tinkathamangira kutsogolo kukaona nambala yaikulu yolembedwa mokongola. Iye ankazungulira kumbuyo, n'kunyambita chala chachikulu, n'kupukuta kachitsulo kolembedwa timalemba ting'onoting'ono. Ankawerenga milomo ikugwedera. "Ng'ombe usanafunse mkaka wake, yamba wafunsa msipu umene imadya," ankatero. Ife tinkati ndi zaukalamba.

Zaka ziwiri zija zinabala zinzake. Tinkagona anthu anayi m'kachipinda ka malata, mbaula yamagetsi imodzi, waya wake wokokedwa mobera kuchokera kwa mwini malo. Chisanu cha kumeneko chimalowa m'mafupa, ndiye aliyense ankalumikiza chotenthetsera chake pa waya yemweyo. Lamulungu lina masana mzere wa zipinda kuseri kwathu unapsa wonse chifukwa cha waya wotere. Ndinaona ndi maso anga anthu akukumba m'phulusa kufunafuna mapasipoti. Ndikunena zimenezi kuti pasakhale wondikhululukira pa zimene ndinadzachita pambuyo pake, poganiza kuti sindinkadziwa.

Fakisoni anayamba kutsokomola. Utsi wa zitsulo ndi chisanu zinamudya pang'onopang'ono, iye n'kumati chaka chamawa ndikupita kwathu. Anapitadi, koma m'bokosi, m'ngolo yokokedwa ndi basi, pakati pa mafiliji ndi matilesi a anthu ena. Ine ndi amene ndinamanga zingwe za bokosilo. Ndikumanga ndinadziuza kuti ine ndidzalowa m'mudzi ndi miyendo yanga, ndipo ndikadzalowa sindidzatulukanso. Kuyambira pamenepo ndalama iliyonse imene ndinkatumiza ndinkanena kuti ndi ya shedi. Ndinkafuna shedi ya njerwa, ya malata atsopano, yoti ndikadzafika ndidzangoika makina n'kuyamba ntchito. Ndikafunsa pafoni, amake Selina ankangoti, "Zikuyenda, bambo a Selina." Za mwana ankati ali kusukulu ya ntchito zamanja. Ine ndinangoganiza kuti ndi zosoka, osafunsanso.

Tsiku lina amake Selina anandiimbira. "Tamverani," anatero. Ndinamva kuti thapu, thapu. "Ndi switchi imeneyo. Magetsi afika ku Nchema, m'nyumba mwanu muno." Ndinakhala pansi pa mulu wa zitsulo n'kulira ngati mwana. Moto uja ndinkaudabwa pa nsanja za eni unali utapeza njira yakwathu ine ndisanaipeze.

Chaka chakhumi ndi chinayi yadi inatsekedwa, ndipo zida anayamba kugulitsa kwa antchito motchipa. Panali makina awiri amene ndikanatha kugula. Ena anali kabokosi katsopano kopepuka, kamene tinkakwera nako pamwamba pa mathanki. Ena anali chimakina chakale chamafuta, chobiriwira, chamatayala achitsulo, cholemera ngati ng'ombe yaikazi. Chimenechi ndicho a Domingo anandiphunzitsira, ndipo chikalira pansi pankanjenjemera.

"Imbira akazi ako," anatero a Domingo. "Atuluke panja awerenge mawaya ochokera papolo kulowa m'nyumba."

Ndinaimba. Amake Selina anatuluka, n'kubwerera. "Awiri."

"Basi, tenga kakang'onoka. Chachikuluchi chimafuna mawaya anayi, ngati a pachigayo."

"Koma chili ndi polumikizira mawaya awiri. Taonani apa."

"Chili napo, inde. Koma pa mawaya awiri chimadya ngati chimbalangondo. Nyumba yako siingachidyetse."

Ndinamva, koma mtima unali kwina. Kwathu kuno mtchona amamuyeza ndi katundu wotsika m'ngolo ya basi. Munthu wakhala zaka khumi ndi zinayi, wasiya mwana ali wamng'ono, maliro a apongozi ake sanakhalepo, ndiye atsike pa Namadzi ndi kabokosi konga wailesi? Ndinkawamva kale alamu anga akuseka. Ndinagula chachikulucho. A Domingo sanakalipe. Anandithandiza kuchikweza, n'kundigwira paphewa. "Mutu wako ndi wouma ngati kalongonda," anatero. "Umafuna kuphikidwa tsiku lonse. Ukafika usalumikize wekha, upeze munthu wodziwa."

Pa Namadzi anachitsitsa amuna asanu ndi mmodzi, akubuula. Tinachikweza pa ngolo ya ng'ombe, ine ndikuyenda pambali pake ngati mwini ukwati. Tikulowa m'mudzi amayi analulutira, ana akuthamangira ngolo. Alamu anga, achimwene awo a akazi anga, anachizungulira kawiri n'kunena kuti, "Alamu, apa ndiye mwabwera ndi fakitale yonse." Mawu amenewo anandikoma kuposa chakudya chimene anandikonzera.

Koma shedi panalibe. Pamalo pake panali mitengo inayi ya bulugamu ndi malata atatu akale. Amake Selina, amene ndinawasiya tsitsi lili bii, tsopano anali ndi imvi m'mbali mwa duku. Anandikhazika pansi n'kundiuza osaphethira kuti ndalama za shedi zinapita kusukulu ya Selina. Mwanayo anaphunzira zamagetsi, ndipo tsopano ankalumikiza mawaya m'nyumba zatsopano ku Limbe. Ankabwera kumudzi Loweruka lokha.

"Mwana wamkazi, zamagetsi?" ndinakuwa. "Ine kuzizidwa konse kuja, inu n'kumandinamiza kuti zikuyenda?"

"Zimayenda kumene," anayankha. "Mukanafunsa kuti chikuyenda n'chiyani, ndikanakuuzani. Zaka zonsezi munafunsapo kuti mwana akuphunzira chiyani?"

Funso limenelo linandikwiyitsa koposa. Anandipempha kuti ndisakhudze magetsi mpaka Selina abwere, popeza ndiye anaika mawaya a m'nyumbamo. Ine ndinati ndawotcherera mathanki a mafuta ku Joni, sindingadikire chilolezo kwa mwana amene ndinkamupukuta mamina.

Lachitatu m'mawa anthu anali atadzaza pabwalo. Alamu anabweretsa wilibala yothyoka mwendo, ena makasu, wina chitseko cha khola. Ndinakoka waya kuchokera pa soketi ya pabalaza, kudzera pawindo, mpaka pa chimakina. Ndinavala chigoba changa mwaulemu wake, n'kugunda rodi. Thapu! Buleka ya m'nyumba, kaswitchi kamene kamazimitsa magetsi moto ukachuluka, inagwa. Ndinakaikweza. Ndinagundanso, inagwanso. Kachitatu anthu anayamba kutsokomola kobisa kuseka, ndipo wina kumbuyo anati mwina makinawo sanazolowere nyengo ya kuno.

Manyazi ndi chilombo. Ndinalowa m'nyumba, ndinatsegula bokosi la mabuleka, n'kulumphitsa buleka ija ndi kachidutswa ka waya wokhuthala, monga tinkachitira m'zipinda za malata zija. Manja anga ankadziwa kuti akulakwa. Nditagunda rodi, kadzuwa kanga ka buluu kanabadwa pakati pa mudzi wa akazi anga, chimakina chikubangula, anthu n'kuti, "Eee!" Kwa kamphindi ndinali mfumu ya dziko lonse. Kenako ndinamva kukuwa kwa amake Selina.

Pabalaza panali utsi wakuda wonunkha pulasitiki. Waya wa m'khoma unali utasungunuka, moto ukukwera katani ya pawindo kulunjika kudenga. Akazi anga ndi amene anathamangira pa switchi yaikulu ya pa mita n'kuzimitsa, monga mwana wawo anawaphunzitsira. Alamu anagwetsa katani n'kuipondaponda, ena akuthira mchenga. Nyumba inapulumuka, koma khoma linada kuyambira pa soketi mpaka kumtanda wa denga, ndipo filiji imene amake Selina ankagulitsira mafilizesi kwa ana asukulu siinalirenso. Anthu anatola makasu awo mwakachetechete n'kumapita.

Masiku awiri otsatirawo sindinatuluke pabwalo. Chimakina chinali pansi pa malata atatu aja, nkhuku zikukwerapo. Ndinkaganiza kuti mphamvu zanga zonse za ku Joni zathera m'chinthu chosagwira ntchito, kamunda n'komwe kaja, ndipo pamudzi ndasanduka nthabwala. Lachisanu masana ndinatsitsa chikwama changa chachikulu n'kuyamba kupindamo malaya. Amake Selina anaima pakhomo, manja ali m'chiuno.

"Mukupita kuti?"

"Ndikagwireko chaka chimodzi. Ndikapeze ina yogulira makina ena."

"Chaka chimodzi ngati ziwiri zija?" Anakhala pamphasa, mawu n'kutsika. "Ine ndakhala wamasiye mwamuna ali moyo. Chifuwa chanucho ndikuchimva mmene chikulirira. Mukakwera basi imeneyo mudzabwera ngati a Fakisoni, pakati pa mafiliji. Dikirani mwana abwere mawa. Akalephera, chikwamacho ndidzakunyamulirani ndekha mpaka pa Namadzi."

Loweruka m'mawa njinga ya kabaza inaima pabwalo. Panatsika mayi wamtali, chitenje chili pamwamba pa ovolosi, chikwama cha zida chili paphewa. Ndikanakumana naye mumsewu ndikanamupatsa moni wa alendo. Anagwada patsogolo panga. "Ababa, mwafika bwanji?" Ndinayang'ana manja ake, ndipo anali ndi zipsera ngati anga.

Analowa m'nyumba, anaona khoma lakuda lija, anatsegula bokosi la mabuleka n'kutulutsa kachidutswa ka waya kanga. Anakayang'ana, anandiyang'ana, n'kukaika m'thumba. Kuyang'ana kumeneko kunandipweteka kuposa mbama. Kenako anapita pa chimakina. Sanaime kutsogolo kumene kuli nambala yaikulu. Anazungulira kumbuyo, ananjuta, ananyambita chala chachikulu, n'kupukuta kachitsulo ka timalemba kaja.

Mwana ameneyu a Domingo sanawaonepo, ku Joni sanapondeko, koma chala chake chinayenda chimodzimodzi, ngakhale milomo inkagwedera chimodzimodzi powerenga.

"Ababa, tabwerani muone," anatero. "Folo handiredi yakutsogoloyo ndi moto umene chimalavula ku rodi. Koma nambala iyi ndi umene chimadya kuchokera kukhoma. Moto timauyeza m'maampu, ndipo pa mawaya awiri chimenechi chimafuna maampu pafupifupi sevente. Waya wa masoketi amene ndinaika muno amanyamula twente ndi pang'ono, wokwanira filiji, ayironi ndi wailesi. Buleka ija sinkakunyozani ayi. Inkakupulumutsani."

"Ndiye uike waya wokhuthala," ndinatero, ndikuyesabe kukhala bambo.

"Ngakhale nditaika wokhuthala ngati mkono wanu, mita yathu ndi waya wochokera papolo sizingakwanitse. Komanso nyumba yathu ndi yomaliza pamzere, thiransifoma ili kutali uko kusukulu. Moto ukamafika kuno umakhala utatopa kale." Anatulutsa kachida koyezera, anakhudzitsa pa mawaya, n'kundionetsa manambala. Anayezanso masana, anayezanso dzuwa litapendeka anthu atayatsa mbaula, ndipo nambala inkatsikadi. "Mukayatsa chimenechi, mababu a mzere wonse aziphethira, mafiliji a anthu azipsa. Mudana ndi mudzi wonse. Mawaya anayi tikhoza kupempha kwa a magetsi, koma mapolo ake ndi ambiri, ndipo mudzadikira mpaka ndevu zifike pachifuwa."

Ndinati ndiye basi, zatha. Iye anakhala pa tayala la chimakinacho n'kundifunsa funso limene ine mwini sindinadzifunsepo. "Kodi kuno muziwotcherera chiyani? Mathanki?"

Ndinaganiza za anthu a Lachitatu aja ndi katundu wawo. Mawilibala, makasu, makaliyala a njinga, mafelemu a zitseko, mabagala a m'mawindo. Chitsulo chokhuthala kwambiri pamudzi pano ndi ekiselo ya ngolo.

"Ndiye tiyambire pamenepo," anatero Selina. "Ntchito isankhe makina, makina asankhe waya, waya asankhe buleka. Inu munayambira kumchira." Anati akudziwa mwini galaja wina pa Namadzi, pafupi ndi chigayo, amene ali ndi mawaya anayi ndipo amakonza mathiraki. Munthu ameneyo ankalira makina amphamvu, pamene iye anali ndi kabokosi kopepuka kamene kankamuchepera.

Lolemba tinachikwezanso pa ngolo yomwe ija, dzuwa lili pamutu, mudzi wonse ukuona. Ndinapempha kuti tidutse njira ya kudambo, koma Selina anati matayala angatitimire. Alamu anga anatiperekeza ndi mawu. "Mkamwini wadyera sakhalitsa pamudzi!" anakuwa, akumenya chimakinacho pamsana. Anthu anafa nacho chiseko. Ine, mkamwini mnzake wa chimakinacho, ndinangoweramitsa mutu, koma tisanafike pamsewu ndinapezeka nanenso ndikuseka.

Mwini galaja atachilumikiza pa mawaya ake anayi, chinalira mofatsa ngati mphaka wokhuta, mawu amene chinkalira pa yadi paja. Ndinachisisita, ndipo sindibisa, misozi inalengeza. Tinasinthana. Iye anatipatsa kabokosi kofiira kaja, gulayinda yodulira ndi kusalazira zitsulo, ndi malata otsala pa galaja yake. Pobwerera ndinakanyamula pamiyendo pa kabaza, ndipo palibe analulutira.

Sabata imeneyo Selina anapempha tchuthi kuntchito. Anayamba wakonza mawaya a m'nyumba amene ndinawotcha. Kenako anakoka waya wakewake wa shedi, wokhuthala ngati chala chaching'ono, kuchokera pa bokosi la pa mita, osadzera m'masoketi a m'nyumba, ndi buleka yakeyake ya maampu sate-thuu. Anayeza mtunda ndi tepi, n'kunena kuti shedi isunthire pafupi ndi nyumba chifukwa waya akatalika moto umatayika m'njira. Ine ndi amene ndinazula mitengo ija n'kuikumbira pena. Ndinakumbanso ngalande ya waya, ndinakhoma ndodo ya kopa pansi imene amati imameza moto wosochera, ndinamugwirira makwerero. Akati, "Ababa, pulayala," ine n'kupereka. Ndinkamuyang'ana ali pamwamba, akusenda waya ndi dzanja lokhazikika, n'kumadzifunsa kuti kodi munthu ameneyu anachokera mwa ine ndithu? Shedi imene ndinkaitumizira ndalama zaka zonse zija inali pamakwerero, ikundilamula.

A magetsi atabwera kudzaona ntchito yake n'kuvomereza, alamu anabweretsanso wilibala ija, akuti aone ngati wailesi imawotcherera. Panalibe chikhamu ulendo uno. Ndinavala chigoba. Ndinagunda. Kadzuwa kanabadwa, kofatsa, kolira ngati mandasi m'mafuta. Ndinadikira kuti ndimve thapu, koma sinamveke. Amake Selina anaima pakhomo maso ali pa babu wa pabalaza, ndipo anakuwa kuti, "Sakuphethira!"

Selina anatenga chigoba chachiwiri n'kunjuta pambali panga. Nditamaliza ndinagogoda makoko, msoko n'kutuluka woluka bwino, wosafika pa wa a Domingo koma wosachititsa manyazi. Selina anauyendetsa chala utazizira.

"Ababa, zimenezi ndi zimene mumachita zaka zonsezi?"

"Zimenezi."

"Ine ndinkangodziwa kuti muli ku Joni," anatero. "Sindinkadziwa kuti manja anu amatha zotere."

Ndinatembenukira kumbali ngati ndikufuna rodi ina.

Madzulo ake dzuwa lisanalowe ndinaimbira a Domingo. Ndinawauza zonse, ndi za buleka zomwe, ndipo anaseka mpaka kutsokomola. Ndinapatsa Selina foni kuti aigwire pafupi, ine n'kugunda rodi pa kachitsulo kuti amve. "Chepetsa moto pang'ono, ukulavula," anatero mkuluyo, ali kutali konseko. Ndinachepetsa, ndipo zinalidi zoona. Kenako anafunsa kuti munthu wodziwa uja ndinamupeza kuti.

"Ndinamusiya ndekha pa siteji, akulira," ndinayankha.

A Domingo anati kuli yadi ina imene ikufuna anthu, ngati ndingafune kubwerera. Amake Selina anali chapafupi akupeta nandolo, ndipo ndinaona lichero litaima m'manja mwawo.

"Ayi, a Domingo," ndinatero. "Mawaya awiri andikwanira."

Khoma lakuda lija amake Selina anakana kuti ndilipake laimu, akuti likhale choncho ndiziliona ndikamadya. Filiji ndinawagulira ina ndi ntchito ya mabagala a nyumba ya aphunzitsi. Chikwama chachikulu chija ndinachifuna tsiku lina kuti ndisungiremo marodi, osachipeza. Ndinakachipeza kuchipinda chosungira zokolola, amake Selina atathiramo nandolo mpaka pakamwa, zipi yake atasoka ndi ulusi wa thumba. Ndinayesa kuchinyamula, koma sichinasunthe, ndipo ndinachisiya pomwepo.